"Nizakupanga Ngozi": nyimbo ya pakhomo yomwe idatipeza kudzera ku America

Kudali kotentha kwa Novembala wa 2024, mvula ikungolonjeza, pamene mlongo wanga adandiitanitsa ku Area 43 kuti ndikamulembere mawu a pa khadi la chinkhoswe cha mwana wa alamu ake. Ife alakatuli abale amatikumbukira motero: pa chinkhoswe, pa ukwati ndi pa maliro. Ndidakwera minibasi pa depoti ku Old Town, n'kukatsikira ku City Centre, kotsalako n'kumalizira pa kabaza. Pa geti ndidagogoda kanayi konse agalu akuuwa, mlonda asadasuzumire pa kazenera kuti aone ngati ndili munthu woyenera kulowa.

Ntchito ya khadi sidatenge mphindi khumi. Yemwe adandisunga mpaka madzulo ndi mphwanga, mnyamata wa zaka 16 amene Chichewa chake chimathera pa "zikomo" ndi "ndakhuta". Adandipeza pakhonde, foni ndi kasipika zili m'manja.

"Ankolo, tamverani iyi. Pakati apa akuyimba Chichewa eti? Akuti chani?"

Nyimboyo idali "Noid" ya Tyler, the Creator, mnyamata wa ku Los Angeles, yomwe idatuluka pa 21 Okutobala chaka chomwecho. Ine nyimbo za kumeneko sindizitsata, choncho ndidakonzeka kungogwedeza mutu mwaulemu monga amalume abwino. Koma mudalira gitala wina wokalipa ngati chigayo chomwe chameza mwala, kenaka mawu a mwamuna, akuthwa, m'chiyankhulo chomwe ndimamva liwu lake lililonse ngakhale sindichiyankhula. Chidali Chinyanja cha ku Lusaka.

Ndidamumasulira mphwangayo. Ndidati uyu ndi mwini nyumba, akuchenjeza mlendo kuti pakhomo pa eni pamafunika khalidwe, ndipo miseche ndi zolongolola aziyamba wazisiya kumsewu asadalowe.

"Ndiye woyimbayo ndi ndani, ankolo?"

Apa mpamene ndidagwa nkhope. Ine mtolankhani wa dipuloma yanga, yemwe ndakhala ndikulemba za oyimba m'masamba ngati ano, ndidayenera kufunsa foni ya mwana wa sukulu. Foniyo idati woyimbayo ndi Paul Ngozi, gulu lake ndi Ngozi Family, nyimbo yomwe adadulako chidutswacho ndi "Nizakupanga Ngozi", ya m'chimbale chotchedwa 45,000 Volts cha m'chaka cha 1977. Zaka 47 nyimbo ili pa dziko, yoyimbidwa m'chiyankhulo cha amayi anga, ine osaimvapo. Kuchokera tsiku limenelo ndaimvera kosawerengeka, ndipo zomwe ndikulemba pano ndi ngongole ya manyazi a pakhonde paja.

Dzina lake lenileni adali Paul Dobson Nyirongo, wobadwa m'chaka cha 1949, mwana wa m'makomboni a Lusaka. Woyimba ng'oma m'gulu lake adali Chrissy Zebby Tembo, wa besi Tommy Mwale. Tawerenganinso maina amenewo, awerengi. Nyirongo, Tembo, Mwale. Mukadawapeza m'kaundula wa sukulu ya pulayimale ku Mzimba kapena ku Mchinji simukadadabwa. Malire omwe atsamunda adalemba pa Mchinji sadafunse mibadwa ya anthu, ndipo tisaiwale kuti kuchokera ku Lilongwe kuno, Chipata ali pafupi kuposa Blantyre.

Paul adakula pa nthawi yomwe Zambia, atalandira ufulu mu 1964, ankasambira m'ndalama za mkuwa. Migodi ya ku Kitwe, Chingola ndi Mufulira inkalemba anthu zikwizikwi, ndipo munthu wa pa tikiti amafuna pokavina Loweruka. M'masitolo mudadzaza zimbale za kunja: The Beatles, The Rolling Stones, Jimi Hendrix, Deep Purple, Black Sabbath. Anyamata adayamba ndi kutengera nyimbo za eni akezo liwu ndi liwu m'mahotela ndi m'maholo a migodi, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 adayamba kupeka zawo. Mtundu wa nyimbowo udadzatchedwa Zamrock. Kudali WITCH ya Emmanuel "Jagari" Chanda, kudali Amanaz omwe adajambula chimbale chawo chimodzi chokha, Africa, ku situdiyo ya Malachite ku Chingola mu 1975, komanso Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, gulu lomwe lidakakhala ku Nairobi ndipo Paul adaliyimbirako gitala kwa kanthawi. Ambiri mwa magulu amenewa adali a ku migodi. Paul adali wa ku Lusaka, ndipo zimenezi zimamveka m'kamwa mwake. Pa siteji ankatha kuyimba gitala ndi mano monga Hendrix, ndipo dzina loti Ngozi lidamukhala.

Chapakati pa zaka zomwezo Pulezidenti Kenneth Kaunda, yemwenso ankakhwatcha gitala, adalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wayilesi zikhale za m'dzikolo. Cholinga chidali chokweza chikhalidwe cha Zambia. Kaya mkuluyo ankaganizira za ng'oma za kumudzi, koma omwe adathamangira pa mpatawo ndi anyamata a tsitsi la afro ndi nsapato zazitali zidendene. Wayilesi idali ndi njala ya nyimbo, ndipo makampani ngati Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo ndi Teal ya ku Ndola adayamba kusaka magulu. Ndi mmene chimbale choyamba cha Ngozi Family, Day of Judgement, chidatulukira mu 1976.

Nanga kuno kwathu kudali chiyani? Funso limeneli ndidapita nalo ku Old Town, kwa madala ena okonza mawayilesi omwe ali ndi kabenchi kawo chakufupi ndi msewu wa Malangalanga. Ndakhala ndikuwapititsira zinthu zakufa kwa zaka zambiri. Ali ndi zaka zopyola 70, ndipo unyamata wawo adaudyera mumzinda uno pamene unkasanduka likulu mu 1975, maofesi a ku Capital Hill akununkha penti. Nditawayikira nyimboyo pa foni sadadikire kuti ifike pakati.

"Paul Ngozi uyu. Mwam'tenga kuti, aphwanga?"

Adandiuza kuti iwo ndi anzawo ankasaka wayilesi ya Zambia usiku pa kawayilesi ka Nzeru, akutembenuza kamtengo ka eriyo uku ndi uku kuti mawu asathawe. Zimbale zenizeni zinkabwera mwa apo ndi apo ndi anthu odutsa pa Mchinji. Koma kuti mnyamata wa ku Kawale kapena ku Mchesi aime pa siteji ndi maonekedwe a Paul Ngozi, zimenezo adangoseka.

Kusekako nkomveka. Lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisangalalo lidakhazikitsidwa mu 1968. La kavalidwe, lija loletsa amayi mathalauzi ndi masiketi aafupi, lidadza mu 1973, ndipo amuna nawo sankaloledwa kuweta tsitsi lalitali. Alendo ankametedwa pa chipata cholowera m'dziko. Wayilesi idali imodzi, MBC, ndipo oyimba ambiri ankajambulitsa nyimbo zawo komweko. Fakitale yodindira zimbale tidalibe. Oyimba aluso tidali nawo, palibe angatsutse: magitala a Daniel ndi Donald Kachamba adafika mpaka ku Ulaya. Koma phokoso la mtundu wa Ngozi, lija lomveka ngati munthu akukana kukhala pansi, lidalibe pobadwira. Zambia nayenso adali wa chipani chimodzi kuyambira kumapeto kwa 1972, tisamupange paradizo. Kusiyana kwake nkwakuti Kaunda adasiya gitala kuti alire.

Tsono tibwere ku kajambulidwe ka nyimbo yathuyi, pakuti mpamene pagona nkhani. 45,000 Volts sichidajambulidwe ku Lusaka. Anyamata atatuwa adapita ku Nairobi, ku situdiyo ya Sapra, ndipo chimbalecho chidatuluka pa dzina la kampani ya Chris Editions. Wina afunsa, bwanji kupita kutali chonsecho? Nthawi imeneyo Nairobi ndiye adali msika waukulu wa nyimbo kuchigawo chino cha Africa. Kudali masitudiyo, akatswiri a makina komanso fakitale yodinda zimbale, ndipo magulu a ku Zaire monga Super Mazembe ndi Les Mangelepa adakakhazikika komweko pa chifukwa chomwecho. Njira ya ku Nairobi a ku Zambia adaidziwa kale. Nashil Pichen Kazembe, mwini wa "A Phiri Anabwera" yomwe makolo athu amaidziwa pamtima, adakhala zaka zambiri akuyimba mumzinda umenewo. Paul naye, monga ndanenera, adali atakhalako ndi Musi-O-Tunya. Sadapite ngati mlendo wofunsa njira.

Achinyamata a lero, omwe amajambula nyimbo pa kompyuta m'chipinda chogona ku Area 25 n'kuitumiza pa WhatsApp usiku womwewo, ayenera kudziwa kuti kale nyimbo inkayenda ulendo wautali isadafike m'khutu. Mawu ankajambulidwa pa tepi ya maginito. Kuchoka pa tepipo singano inkalemba mizere pa chimbale chofewa, pa chimenecho n'kuumbapo chidindo cha chitsulo, chidindocho n'kumapsinja pulasitiki wotentha chimbale chimodzichimodzi. Sitepe iliyonse idali ndalama, ndipo ola lililonse m'situdiyo lidali ndalama. Gulu lochokera dziko lina, lolipira chakudya ndi pogona, silikadakhala miyezi likusalaza nyimbo imodzi monga ankachitira anzawo a ku London. Linkafika litaphunzira kale nyimbo zake m'mabala ndi m'maholo.

Zimenezi khutu limazigwira. Mu "Nizakupanga Ngozi" mulibe malipenga, mulibe zokometsera zobisa zolakwa. Muli gitala, besi, ng'oma ndi mawu. Gitala amagwira kachidutswa kamodzi n'kumakabwereza mouma khosi, besi akumutsata pambuyo ngati mthunzi, ng'oma za Tembo zikugunda mouma, mosanyengerera. Poti zida nzochepa, pakati pake pamatsala mpata, ndipo mumpata umenewo ndi momwe mawu a Paul amaima chilili. Ndikamvera ndimaona chipinda, ndimaona anthu atatu akuyang'anizana. Nyimbo zambiri zomwe zimalira m'maminibasi athu lero sindiona chipinda chilichonse.

Kukalipa kwa gitalayo kuli ndi mbiri yakeyake. Amakutcha fuzz, ndipo kumachokera m'kabokosi koponda ndi phazi komwe kamakhala pakati pa gitala ndi sipika. Kabokosiko kamakweza mphamvu ya mawu mopyola muyezo mpaka mawuwo amaphwanyika nsonga, n'kutuluka okhakhala. Chodabwitsa nchakuti phokosoli lidayamba ngati ngozi. Ku Nashville, pojambula nyimbo ya Marty Robbins yotchedwa "Don't Worry" yomwe idatuluka mu 1961, makina a m'situdiyo adawonongeka ndipo besi adatuluka wosweka. Eni ake adaikonda ngoziyo n'kuisiya momwemo. Mu 1962 kabokosi kochita dala zimenezi kadali pa msika, ndipo mu 1965 The Rolling Stones adakatchukitsa dziko lonse ndi "Satisfaction". Madala a pa Malangalanga aja nditawafotokozera adati, "Ndiye kuti ife timakonza zomwe anzathu amagulitsa." A ku Zambia adalikonda phokosoli kuposa eni ake, ndipo mwa onsewo Paul ndiye adaliponda mopanda chisoni.

Koma gitala yekha sakadandisunga. Magitala okalipa adalipo ambiri m'chaka cha 1977, kuyambira ku Lagos mpaka ku Birmingham. Chomwe chimapatula nyimboyi ndi zomwe gitalayo wasenza. Azungu omwe Paul ankawamvera ankagwiritsa ntchito phokosoli poyimba za ziwanda, za nkhondo, za kutha kwa dziko ndi za chilakolako. Iye adalitenga n'kukalitula pakhomo pa nyumba ya m'komboni, pa nkhani yomwe aliyense wokulira m'nyumba za lendi amaidziwa: mlendo wa pakamwa. Uja amabwera ngati wodzacheza, n'kukhala pa mpando wako, n'kumwa tiyi wako, kwinaku akutula nkhani za anthu ena ndi kutola zako zoti akatule kwina. Akulu adati mlendo ndi mame, koma mlendo wa mtundu uwu akachoka amasiya matope. Mawa lake mumangomva kuti mayi a kuseli sakukuyankhulitsani, ndipo mlandu uli kwa a tcheyamani.

Nkhani yaing'ono, mungatero. Koma kwa munthu wa ku Chibolya kapena ku Mchesi, komwe khoma la nyumba yako ndi khomanso la mnzako ndipo mpopi ndi umodzi, miseche imatha kukusamutsa, kukuthetsera banja, ngakhale kukuchotsetsa ntchito. Paul adaona kuti mkwiyo wa munthu wotereyu ndi waukulu mokwanira gitala wa Black Sabbath. Apa mpamene ndimamuvulira chipewa. Sadachepetse phokoso kuti ligwirizane ndi nkhani ya pakhomo, ndipo sadakweze nkhaniyo kuti imveke ngati ya m'mabuku.

Taonani mutu wa nyimboyo. Ife a kuno tikadati "ndidzakupanga ngozi", ndipo mphunzitsi wa Chichewa akadatithira inki yofiira ngakhale pamenepo, amvekere munthu sapangidwa ngozi, amachita ngozi. Koma m'tauni tonse tikudziwa tanthauzo la "ndikupanga zoopsa". Ndi chiopsezo cha pa msewu. Ndipo poti mwini nyimbo dzina lake ndi Ngozi, mawuwo amaluma pawiri: ndidzakuvulaza, komanso udzandidziwa kuti ndine yani. Mlakatuli aliyense angasirire kupanikiza zinthu ziwiri m'mawu awiri chomwecho.

Chiyankhulo chimenechi ife a Malawi tidaphunzitsidwa kuchiseka. Chinyanja cha ku Lusaka chimati "ni" pomwe ife timati "ndi", chimati "vinthu" pomwe ife timati "zinthu", chimatola mawu ku Chinsenga, ku Chibemba ndi ku Chingerezi mosapempha chilolezo. Kuno msonkhano waukulu wa chipani cha MCP wa 1968 udasintha dzina la chiyankhulo kuchoka ku Chinyanja kukhala Chichewa, ndipo mu 1972 kudabadwa Chichewa Board yoti iziweruza liwu loyenera ndi losayenera. Bungwelo lidatha, m'malo mwake mudalowa Centre for Language Studies mu 1996, koma kakhutu komwe lidatisiyira kakadalipo. Tikamva wa ku Lusaka akuyankhula timamwetulira ngati tamva mwana. Ine ndemwe ndakhala ndikutaya ndakatulo zanga zingapo kaamba koti mudalowa mawu a pa depoti. Tsono taonani: chidutswa cha chiyankhulo chathu chomwe chamveka m'makutu a anthu mamiliyoni pa dziko lapansi si Chichewa chosambitsidwa cha m'kalasi. Ndi chija "chophotchoka" cha m'komboni. Chimbale cha Tyler, Chromakopia, chidafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard ku America, Chinyanja cha Paul chili m'kati.

Sindikuti chimbale cha 45,000 Volts nchopanda banga. Nyimbo zake za m'Chingerezi, kwa ine, nzopepuka. Mawu ake ndi aja obwereka a chikondi ndi mantha omwe mungawapeze pena paliponse, ndipo Paul amamveka ngati wavala jekete la mwini. Gitala amakhalabe wamoto, koma lilime limatsalira. Akabwerera ku Chinyanja mpamene mawu ndi gitala zimakhala munthu mmodzi. Ndipo ngakhale mu "Nizakupanga Ngozi" momwemo muli chinthu chomwe sindingachilambalale. Ulemu womwe mwini nyumba akuufuna ukubwera ndi chibakera kumbuyo. Tonse tikuwadziwa abambo omwe amalamula ulemu pakhomo pawo mwa njira imeneyi, ndipo omwe amalawa ngoziyo kawirikawiri si alendo ayi, ndi a m'nyumba momwemo. Nyimboyi siyifunsa funso limenelo. Imaima mbali ya mwini khomo basi. Ndimaikonda, koma ndimaikonda ndikudziwa kuti ndi nyimbo ya munthu yemwe wakunga mkono.

Nanga Tyler adaitenga bwino? Poyamba ndidati ayi. Nyimbo yake ikukamba za mantha a munthu wotchuka, yemwe akuona ngati aliyense akumuzonda, akumujambula, akumutsata mpaka kunyumba. Ndi mantha a munthu wa mpanda wautali ndi makamera. Pakhonde paja ku Area 43 ndidayang'ana khoma la mlongo wanga, waya wamagetsi atazungulira pamwamba, ndipo ndidaona chifukwa chake nyimboyo idamugwira mphwanga. Iye akukula m'dziko lomwe mlendo amayamba waimba foni, mlonda n'kumuunika pa kazenera. Munthu wa m'nyimbo ya Paul alibe geti, alibe mlonda, alibe galu wa chizungu. Aliyense amangofika, "odi" ali kale m'nyumba. Mpanda wake ndi pakamwa pake pomwepo, nchifukwa chake akukalipa. Wina akuopa anthu omwe sakuwadziwa, winayo watopa ndi anthu omwe akuwadziwa bwino lomwe. Ndidaona ngati wa ku America uja wangotola ukali wa mawu osamva chomwe akunena.

Maganizo amenewa ndidawatula kwa madala a mawayilesi aja, ndikudzimva kuti ndanena za nzeru. Iwo adapitiriza kuwotcherera kawaya, kenaka adati:

"Inu mwabadwa liti, aphwanga? Nthawi imene ija munthu wobwera kwanu ndi nkhani zambirimbiri timamuopa. Umadziwa bwanji kuti watumidwa? Ukangoyankhapo, mawa Land Rover ili pakhomo."

Ndidakhala chete. Ine ndidabadwa ulamuliro wa chipani chimodzi uli kumapeto, za ku Mikuyu ndi ku Dzaleka ndidaziwerenga m'mabuku. Ndikudziwa kuti mlakatuli Jack Mapanje adatengedwa mu 1987 n'kukhala m'ndende mpaka 1991 popanda mlandu wozengedwa m'khoti. Koma sindidaganizepo kuti nyimbo yochenjeza mlendo wolongolola, ikamveka pa kawayilesi ka Nzeru mu Lilongwe wa 1977, inkatha kumveka mwina. Sindikunena kuti Paul ankayimba za ndale. Ndikunena kuti omvera a mbali ino ya malire adali ndi chifukwa chawochawo choopera pakamwa pa mlendo, ndipo mantha oti wina akukuzonda sadayambire ku Los Angeles. Choncho Tyler, kaya adadziwa kaya sadadziwe, adagwira mtsempha womwe udalimo kale m'nyimbomo. Ndidabweza mawu anga, theka lake. Theka linalo ndikadali nalo: mu "Noid" mawu a Paul asanduka mzukwa wolira chapatali, pomwe m'nyimbo yake iye ndi munthu wa mnofu, woima pakhomo pake, yemwe mungathe kumuyankha.

Chimbalechi chidatuluka dzuwa la Zamrock litapendeka kale. Mtengo wa mkuwa udagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970 ndipo sudadzukenso msanga, pomwe mkuwawo ndiwo unkabweretsa pafupifupi ndalama zonse zakunja za dzikolo. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe idafika mpaka m'kati mwa Zambia, ndege za Rhodesia zikuponya mabomba, boma n'kumalamula anthu kukhala m'nyumba usiku. Gulu loyimba limadya usiku, tsono usiku ukatsekedwa lidye chiyani? Kenaka kudabwera disko, makaseti okopera, ndi kalindula yemwe adatenga malo pa wayilesi. Pamwamba pa zonsezi padagwa Edzi, yomwe idakolola oyimba a m'badwo umenewo mosasiya mbewu. Mwa mamembala oyambirira a WITCH adatsala ndi Jagari yekha, yemwe adakakhala mphunzitsi, pambuyo pake n'kumakumba miyala ya mtengo wapatali. Paul adapitiriza kuyimba ndi kutulutsa zimbale m'zaka za m'ma 1980, ndipo adamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40. Ku Kabwata mu Lusaka kuli msewu wotchedwa dzina lake.

Nyimbozo zidagona zaka zambiri m'makatoni. Matepi oyambirira a zimbale zambiri za Zamrock adatayika kapena kuwonongeka, moti pozitulutsanso nthawi zina ankachita kusaka chimbale chakale chosakalikakalika n'kukoperapo. Omwe adagwira ntchito imeneyi kwambiri ndi akunja, makamaka kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles ya Eothen Alapatt, yomwe idatulutsanso Day of Judgement mu 2014, mndandanda wa Welcome to Zamrock! mu 2017, komanso 45,000 Volts. Kuchokera pamenepo nyimbozi zidayamba kuyenda. Sampa the Great, mwana wa ku Zambia, adalemekeza Zamrock mu "Never Forget" mu 2022. Travis Scott adadulako nyimbo ya Amanaz mu 2023, chaka chomwenso WITCH idatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Kenaka Tyler. Dzina la Paul Dobson Nyirongo lidalembedwa pa mndandanda wa opeka "Noid", ndipo zimenezo nzoyenera kuyamika pakuti oyimba a ku Africa akhala akubedwa popanda ngakhale kutchulidwa.

Ena mwa anzanga olemba amakwiya ndi nkhani yotereyi, amvekere azungu atitengeranso chuma. Ine mkwiyo umenewo ndimaumva koma sindiugula wonse. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo uyu adameta pomwe eni tidasiya tsitsi kuti liwirire. Chomwe chimandiwawa ine chili pafupi. Nyimbo zomwe oyimba athu adajambulitsa ku MBC m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndani mwa ife angalowe m'sitolo ku City Centre kapena ku Old Town n'kugulako chimbale chokonzedwa bwino, chokhala ndi maina a oyimba, chaka ndi malo ojambulira? Pa msika amakuthirirani nyimbo mazanamazana pa kafulashi, zopanda dzina la woyimba ng'oma, zina mutu wake wolakwika. Za Paul Ngozi ndatha kukuuzani situdiyo, mzinda, chaka ndi anthu atatu omwe adali m'chipindamo, kaamba koti wina adasunga chikuto cha chimbale ndipo wina adakafunsa omwe adatsala moyo.

Sabata yathayi ndidabwerera ku Area 43 kukatenga ndalama yanga ya khadi lija, yomwe mlongo wanga wakhala akuiiwala mwaluso kuyambira chaka chija. Mphwanga, yemwe tsopano ndi wamtali kundiposa, adali atapeza chimbale chonse cha 45,000 Volts pa intaneti, ndipo adali ndi kope momwe amalembamo mawu a Chinyanja monga akuwamvera, kalembedwe kake komvetsa chisoni. Adandipempha kuti ndimukonzere. Tidakhala pakhonde pomwe paja, nyimbo ikulira, ine ndi bolopeni. Ndidagwira dzanja langa litayamba kale kusintha "ni" kukhala "ndi", ndipo ndidafufuta. Mlonda uja, bambo wachikulire wa ku Mchinji, adali atasiya geti n'kuyandikira, akumvetsera manja ali kumbuyo. Mphwanga adamufunsa m'Chichewa chake chopunduka ngati akuidziwa nyimboyo.

"Ee, bwana wamng'ono," adatero bamboyo. "Koma pamene mwalemba apo sakutero. Tabwezani pang'ono ndikuuzeni."